Mbuzi Yoonjezera M'khola la Kangaude

Kalekale, nyama zikadayankhula, Kangaude analemba Fisi ntchito yoweta mbuzi zake. Inde, mwamva bwino: Fisi, kuweta mbuzi. Nzeru zinalipo masiku amenewo.

"Pakutha pa chaka ndidzaziwerenga m'magulu," anatero Kangaude. "Magulu odzaza ndi anga. Zotsala, zosakwana gulu, ndi malipiro anu."

Fisi anaphunzira kuwerenga kwa Nyani, wa zala khumi uja, ndipo ankayesa kuti dziko lonse limawerenga m'makumi. Chaka chitatsala pang'ono kutha, anaziwerenga yekha: makumi awiri ndi zitatu.

"Zitatu basi? Chaka chonse ndikumeza malovu, zitatu?"

Tsiku lina masana, Njiri ali mtulo m'matope, Fisi anamubera mbuzi imodzi n'kuiphatikiza m'khola la Kangaude. "Makumi awiri ndi zinayi. Zinayi zanga! Mutu uwu, amayi anabala ndithu."

Tsiku lowerenga linafika. Kangaude anatambasula miyendo yake isanu ndi itatu. Mwendo, mbuzi. Mwendo, mbuzi. Miyendo itatha anati, "Gulu!" Anayambanso: "Gulu!" Kachitatu: "Gulu!" M'khola munangotsala ndowe.

"Pepani achimwene, sipanatsale ngakhale mchira."

"Kuwerenga kwanji kumeneko? Makumi ali kuti?"

"Makumi ndi a eni zala khumi. Ine ndimawerenga ndi zimene ndinabadwa nazo."

Fisi anakwiya. "Aitanidwe wina!"

Anabwera Nyerere ndi miyendo yake isanu ndi umodzi. Mwendo, mbuzi. Mwendo, mbuzi. Magulu anayi, ndendende.

"Pepani a Fisi, sipanatsale ngakhale nyanga."

"Kachilombo kopyapyala m'chiuno kangadziwe chiyani? Aitanidwe wina!"

Anabwera Nkhanga ndi zala zake zitatu zakutsogolo. Chala, mbuzi. Chala, mbuzi. Magulu asanu ndi atatu, ndendende.

"Pepani bambo, sipanatsale ngakhale ubweya. Nambala yanuyi ndi yaulemu, imalowa gulu lililonse popanda kukangana."

Fisi anatsegula kukamwa kuti aitanitse Nyani. Koma amene analowa pabwalo anali Njiri, matope thupi lonse, mchira uli njo.

"Ya banga pamphumiyo ndi yanga. Yafika bwanji muno?"

Njiri anakoka mbuzi yake.

"Ndiye kuti zanga ndi zochepa ndi imodzi," anatero Kangaude. "Tiwerengenso."

Mwendo, mbuzi. "Gulu!" Mwendo, mbuzi. "Gulu!" Kachitatu, mwendo womaliza unangolendewera m'mwamba, mbuzi zitatha. Gulu silinadzaze.

"Zotsala ndi zisanu ndi ziwiri," anatero Kangaude.

Zisanu ndi ziwiri! Mtima wa Fisi unalumpha, malovu chuchuchu. Anazitaya zonsezo ndi manja ake pofuna kuonjezera imodzi, tsopano zabwerera!

"Zonsezi ndi zanu, achimwene, mwazigwirira ntchito," anatero Kangaude mokoma mtima. "Nanga a Njiri, mlandu wakuba uja utha ndi zingati?"

Njiri anakanda ndevu zake. "Ine kuwerenga sindidziwa. Zimene zaima apozo zikwana."

Fisi anabwerera kwawo ndi ndodo yaubusa yokha, miyendo yakumbuyo italefuka ndi chisoni. Mpaka lero sinawongoke.

Nthano yanga yathera pamenepa, kaphuleni mbatata zisanapserere. Musanawerengere malipiro m'khola la mwini, yambani mwaona miyendo imene amawerengera. Ndipo chakuba, ngakhale chimodzi, chimadya ndi zanu zomwe.