Mainchesi Anayi a Kadzungu

M'chipinda chosokeramo cha azakhali ake a Kadzungu munali mothinana tsiku limenelo ngati m'bokosi la machesi. Makina awiri osokera anali atawakankhira kukhoma, nsalu yabuluu yonyezimira ili mtolo patebulo, ndipo atsikana asanu ndi mmodzi operekeza mkwatibwi anali pamzere kudikira kuyezedwa. Ukwati wa achemwali ake a Kadzungu unali utatsala miyezi inayi, koma azakhaliwo anali telala wosadziwa mawu akuti mawa. Nsalu ikafika lero, sizasi inkalowa lero lomwelo.

Kadzungu anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzinali anamupatsa ali khanda chifukwa cha masaya ake obulungira, ndipo silinkamuwawa mpang'ono pomwe, kufikira tsiku limene anamva kuti pa ukwatiwo adzayenda limodzi ndi Magalasi, mng'ono wawo wa alamu ake. Magalasi anali mnyamata wamtali, wofatsa, woti akachita manyazi ankakankha magalasi ake ndi chala. Chiyambire anali atamuyankhula kamodzi kokha: “Zikomo, ndidutse nawo.” Mawu atatu amenewo Kadzungu anawapinda bwinobwino mumtima ngati kalata, n'kumawatambasula akakhala yekha.

Tsiku loyezalo anyamata anaima pakhomo kudikira nthawi yawo. Tsono azakhali anali ndi chizolowezi chimodzi: nambala iliyonse ankaitchula mokweza asanailembe ndi pensulo m'buku lawo.

“Chiuno, twente sikisi! Wina!”

“Twente faifi! Iwe umadya mphepo kodi? Wina!”

Tepi inazungulira Kadzungu.

“Sate! Eee, mwanawe, uku ndiye kuleredwa. Amayi ako sakukumana ayi!”

Atsikana anaseka chikhakhali, anyamata pakhomo nawonso. Kadzungu anaba diso. Magalasi sanaseke, anangokankha magalasi ake n'kuyang'ana pansi, ndipo kwa Kadzungu zimenezo zinawawa kuposa kuseka.

Atsikana atatuluka, azakhali anapita pakhomo kukakangana ndi mnyamata wina amene ankafuna jekete lothina. Buku linatsala patebulo lili yasa, pensulo ya labala kumapeto ili pambali. Kadzungu anafufuta 30, n'kulemba 26 motsanzira dzanja la azakhali. Anauzira tinyenyeswa ta labala, n'kutuluka ngati munthu wosalakwa.

Nzeru zinamupeza ali panjira. Azakhali adula nsalu ija dzuwa lisanalowe. Nsaluyo inachokera kutali, ndipo achemwali anagula yongokwanira. Yotsala sikanakwana ngakhale kampango. Diresi likadzakana kutseka, azakhali, amene ankadzitama kuti zaka makumi awiri sanadulepo nsalu ya munthu molakwika, adzafufuza mpaka kupeza mwini wake wa mlandu. Kubwerera kukaulula kunali mapazi ochepa chabe. Kadzungu anaima pakona, anayang'ana kumbuyo, kenaka anadziuza chamumtima:

“Ngati diresi silingakule, ndichepa ndine.”

Kunyumba anadula chingwe, n'kumanga mfundo pa mainchesi 26. Chingwecho chinkagona m'sokosi yakale pansi pa matiresi, ndipo m'mawa uliwonse ankalowa nacho kubafa kukafunsa chiuno chake ngati chamva.

Nkhondo inayambira pa mkaka. Kapu imene amayi ake ankamuikira m'mawa inkathera m'mbale ya Bwana, mphaka wapanyumbapo. Dzira linatsatira njira yomweyo, nsomba chimodzimodzi. Nyemba ankazimwaza m'mphepete mwa mbale kuti zioneke ngati zadyedwa. Kusukulu ankati wadya kunyumba, kunyumba ankati wadya kusukulu. Tambala akangolira, iye ankazungulira bwalo la mpira kasanu, masana n'kumalumpha chingwe pasimenti kuseri kwa nyumba mpaka thukuta kamukamu. Loweruka lililonse kunali kuphunzira masitepe a pa ukwati.

Amayi ake mutu unali pa makadi, mipando ndi alendo. Chimene anaona ndi mphaka basi.

“Bwana ameneyu bwanji?” anafunsa tsiku lina atamuona akulephera kukwera pawindo. “Akanakhala wamkazi ndikanati ali ndi bere.”

“Mbewa zachuluka, amayi.”

“Mbewa zake zamafuta chonchi? Tiziwagulitsa anthu.”

Mwezi wachiwiri usanathe, anthu anayamba kucheuka. Amayi a pagolosale anamugwira mkono: “Kadzungu, wasalala ngati bango! Tatiuze mankhwala ake nafenso.” Anzake kusukulu anati dzina lija lamuchepera ulemu, ayenera kumupezera lina. Mawu amenewo ankamukhutitsa kuposa chakudya. Ankayenda ngati sakuponda pansi, akudziona kale m'diresi labuluu, holo yonse ili chete, Magalasi atatambasula dzanja.

Koma panali zina zimene galasi silinkaonetsa. Ankamva kuzizira ngakhale dzuwa lili pamutu. Chipeso chinkatsala ndi tsitsi. Akadzuka msanga pampando, chipinda chinkazungulira. Kumwezi sanapite mwezi umodzi, kenaka wachiwiri, ndipo iye anangoti zachepetsa ntchito, osauza munthu. Ndiye panabwera kaululu pamwamba pa phazi lamanzere, kakang'ono ngati nsonga ya singano. Poyamba kankabwera akathamanga. Kenaka kanasamukira pomwepo, n'kumagona naye, kudzuka naye. Anamanga phazilo ndi kansalu, n'kuvala sokosi ziwiri.

Loweruka lina ali pakati pa masitepe, Magalasi anayankhula chapansipansi osamuyang'ana.

“Ukutsimphina.”

“Ndi nsapato.”

“Sabata yatha unati ndi nsapato. Lero wavala zina.”

“Ndiye umayang'ana nsapato zanga?”

Magalasi anakankha magalasi ake, n'kuphonya sitepe. Kadzungu anafika kunyumba akuwerenga mawu atsopano amene anawonjezera pa atatu aja, ululu wa phazi ataukhululukira.

M'mawa wa tsiku loyesa madiresi, kutatsala sabata ziwiri kuti ukwati uchitike, chingwe chija chinakumana pamfundo penipeni. Kadzungu anatsala pang'ono kuimba nthungululu m'bafa. Anapambana, ndipo chinsinsi chake chinali choti adzapita nacho kumanda.

Kwa azakhali atsikana ankakwera pakampando mmodzimmodzi, azakhali akuzungulira ndi mapini kukamwa. Nthawi yake itakwana, Kadzungu anavula juzi lake lalikulu kuseri kwa katani, anavala diresi, n'kukwera pakampandopo mutu uli m'mwamba. Zipi inakwera osakodwa paliponse.



Diresi linalendewera ngati thumba pachikhomo. Phewa limodzi linatsetsereka. Azakhali anagwira nsalu m'chiuno n'kuikoka. Munali malo oti n'kulowamo mwana wina. Analavulira mapini m'dzanja.

“Ha! Thupi lija wakaliika kuti, mwanawe? Diresi ili ndinadula pa sate.”

“Koma m'buku munali twente sikisi!”

Mawuwo anatuluka okha pakamwa pa Kadzungu, ndipo anatulukiratu. Azakhali anadzutsa mutu n'kumuyang'ana m'maso.

“Za m'buku langa wazidziwa bwanji iwe?”

Azakhali anadziyankha okha:

“Ohoo! Nambala ija ndinaiona. Ndinati dzanja langa layamba kukalamba. Koma ine, mwanawe, buku ndimalembera makasitomala kuti aziti telala ndi wophunzira. Podula ndimadula ndi diso. Mwana woti ndinamusambitsa ndekha, pensulo ingandinamize chiuno chake?”

Mmodzi mwa atsikana aja analephera kugwira phwete. Manyazi anamukwera Kadzungu kuyambira kumapazi. Miyezi yonse ija, mkaka wonse uja, mphaka kunenepa! Anakwinya diresi m'manja, nalumpha pakampandopo kuti athawire kuseri kwa katani. Kampandoko sikanali kofika ndi bondo lomwe. Koma phazi lamanzere litangofika pansi linangoti thyo, ngati kanthambi kouma, ndipo anapezeka ali pansi pakati pa tizidutswa tansalu, kulira kosatuluka mawu.

Kuchipatala anamujambula phazi. Adokotala, mayi wa imvi zochepa ndi nthabwala zambiri, anaika chithunzicho pa nyali, n'kuloza kafupa kamene kanali ndi mzere wakuda. Amayi ake ndi azakhali anasendera pafupi.

“Wagwa pamtengo wanji?”

“Pakampando,” anayankha azakhali. “Koti ngakhale nkhuku ingatsike osatambasula mapiko.”

“Ndiye kampandoko musakaimbe mlandu. Fupali linayamba kung'aluka kale, lero langomalizitsa.” Adokotala anakokera mpando pafupi ndi Kadzungu. “Tandiuza, mtsikana. Mkaka unamwa liti komaliza? Nanga kumwezi?”

Chinsinsi chimene chinayenera kupita kumanda chinathera pomwepo: labala, chingwe, bwalo la mpira, Bwana. Amayi ake anagwira pakamwa.

“Mayo ine! Ndinkadyetsa mphaka, mwana wanga akuuma ndikumuona!”

“Musadziimbe mlandu nokha, mayi. Ana a msinkhu uwu amabisa kuposa nkhuku yoikira kutchire.” Kenaka anatembenukira kwa Kadzungu. “Tamvera. Zaka zako zino ndi zimene thupi limamanga mafupa oti udzayendere mpaka uli ndi zidzukulu. Omanga ake amafuna chakudya, ndipo thupi la mtsikana limafunanso mafuta pang'ono kuti ntchito zake ziziyenda. Mafutawo akatha, thupi limati kunja kuli njala, n'kuimitsa ntchito zina: kumwezi kumasiya, omanga mafupa nawo amaweruka. Iwe uku wawachotsa ntchito, uku ukumenyetsa khoma losauma pasimenti tsiku ndi tsiku. Sindikuti unenepe ngati mphaka wakoyo, kunenepa kopitirira nakonso si bwenzi la mafupa. Koma sate uja analibe mlandu. Mwayi wako ndi woti udakali wamng'ono. Ukawaitana omangawo ndi mbale, abwerera.”

Anamuika chikhakha choyera kuyambira kuzala mpaka pansi pa bondo, choti akhale nacho sabata zisanu ndi imodzi. Kadzungu anawerenga pa zala, ngakhale yankho ankalidziwa kale. Malo ake pamzere anapatsidwa msuweni wake.

Diresi lija azakhali analibweza usiku usanagwe, koma sanadulepo kanthu. Nsalu yonse yotsala anaipindira mkati.

“Izi zikudikira mwini wake,” anatero. “Akabwera Kadzungu weniweni, tidzangosula ulusi.”

Tsiku la ukwati anamukhazika kutsogolo m'holo, ndodo zake zoyendera atazibisa pansi pa tebulo, diresi lalitali litaphimba chikhakha. Nyimbo italira, anaona msuweni wake akulowa pambali pa Magalasi, pamalo amene iye anawalota miyezi inayi. Anaomba m'manja ndi anthu onse.

Nthawi ya chakudya mthunzi wautali unaima patebulo lake. Anali Magalasi, mbale ziwiri zodzaza zili m'manja.

“Msuweni wako ndamuponda kawiri,” anatero akukhala. “Akuti akandisumira.”

“Unaiwala masitepe?”

“Ndinawaphunzira ndi munthu wina.” Anamukankhira mbale. “Azakhali ako andituma. Akuti ndikabweza mbale yosatha, jekete ili andivula pagulu.”

Kadzungu anaseka mpaka misozi, n'kutenga ntchafu ya nkhuku. Sanadziwe kuti chakudya chimakoma chonchi.

Ali pakati pa kudya, panafika mayi wina wovala chipewa chachikulu, akukoka mwana wake wamkazi wa zaka ngati khumi ndi zitatu, wamasaya obulungira, kagawo ka keke kali m'manja.

“Ndiwe mng'ono wake wa mkwatibwi eti? Koma ndiye wakongola, ngati chidole cha pawindo la sitolo!” Mayiyo anagwedeza mwana wake paphewa. “Ukumuona mnzakoyu? Chiuno ndi chimenechi. Iwe kutafuna ngati chigayo. Tamufunsa akuuze mmene anachitira.”

Kamtsikanako kanayang'ana pansi, keke ija n'kuibisa kumbuyo.

Kadzungu anayang'ana mwanayo, anayang'ana Magalasi, n'kuika fupa la nkhuku m'mbale. Akanatha kungomwetulira, mayiyo n'kupita ndi chithunzi chake chokongola. M'malo mwake anapukuta zala, anagwira mpendero wa diresi, n'kuukweza pang'onopang'ono mpaka pabondo. Chikhakha chinaonekera chili mbuu, zala zotupa zikusuzumira kunsonga.

“Ndinachita chonchi, mayi,” anatero. “Ndinagwa pakampando kosafika ndi bondo lomwe.”

Kadzungu anakoka mpando wapambali n'kuugogoda.

“Khala apa, mng'ono wanga. Tulutsa keke yakoyo tidyere limodzi.”

Mwanayo anakhala, mayi ake ataima chilili, maso ali pa diresi lonyezimira lija, kenaka pa phazi, kenakanso pa diresi. Akuluakulu anaona patali pamene anati: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.