Dona wa a Ndau ndi mpini wa Nangozo

Ana inu, mwambi uja wa mkuyu ndi nyerere unabadwira ku Lizulu, kuseri kwa msika wa tomato, pakhomo pa a Ndau. Amayi anga analipo, ndipo amayi anga sankaphonya kanthu.

A Ndau anali kalaliki wopuma ntchito, munthu wovala tayi ngakhale popita kudimba. Anali ndi galimoto yakalekale yobiriwira, ya mphuno yaitali, imene anthu ankaitcha Dona. Kunena chilungamo, woyendetsa weniweni anali mkazi wawo woyamba, Nangozo, amene ankanyamulira kabichi kupita naye ku Balaka. Mayiyu anali ndi chizolowezi chimodzi. Dzinja likafika, Dona n'kuimikidwa pansi pa mkuyu, iye ankapondereza klachi ndi mpini wa khasu, mbali inayo n'kuitsamiritsa kumpando, kuti zam'kati zisamatirirane ndi dzimbiri. Klachi ndi chopondera chakumanzere chija, chimene chimalekanitsa injini ndi matayala kuti giya ilowe.

Kenaka kunabwera Joyisi, wogulitsa mafuta odzola, ndipo mutu wa a Ndau unazungulira. Nangozo anamanga katundu wake n'kubwerera kwawo ku Mlangeni. Tsiku lomwelo a Ndau anazula mpini uja n'kuuponya kudzala, ati ukunyazitsa galimoto ya bwana.

Dona anaima zaka zisanu ndi chimodzi, poti mwini wake maso anali atayamba kuchita chidima. Koma kupukuta kokha ndiye ayi ndithu. Loweruka lililonse polishi, mpaka Joyisi ankadziyang'anira pachitseko popaka milomo.

Tsono Enelesi, mwana wa a Ndau mwa Nangozo, anapeza banja. Pamaso pa ankhoswe a mbali zonse, a Ndau anagunda pachifuwa.

"Mwana wanga sakwera lole ngati thumba la mbatata. Kutchalitchi apita pa Dona."

Akuchimuna anayang'anizana, wina n'kutsokomola. A Ndau anakumva kutsokomolako, ndipo kunawakhala pamtima.

Lachisanu, ukwati uli mawa, anaika batire yatsopano ndi petulo. Injini inalira atayesa kachitatu. Koma ataponda klachi kuti alowetse giya, munangomveka kukukuta ngati galu akudya fupa. Anaitanitsa makaniko, a Chikaonda, amene anakwawira kunsi n'kutuluka akupukusa mutu.

"Bwana, mbale ya klachi yamatirira ku injini ndi dzimbiri. Mpofunika kutsitsa giyabokosi. Lolemba ikhala itatheka."

"Ukwati ndi mawa, a Chikaonda."

"Ndiye kapempheni abusa asunthe ukwatiwo."

Joyisi naye anaponyapo nzeru: "Adadi, ingoimangani maliboni, anthu azikankha. Chachikulu n'chithunzi."

Loweruka m'mawa a Ndau anaima pansi pa mkuyu, suti ili m'thupi, thukuta lili kamukamu. Ankadziwa bwino lomwe kuti munthu womudziwa Dona ndi mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali kuseri kwa nyumba, akuyang'anira amayi ophika za ukwati. Zaka zisanu ndi chimodzi anali asanapatsane ngakhale moni. Anayenda mpaka kumeneko, n'kuvula chipewa. Amayi onse anasiya kudula anyezi.

"Mayi a Enelesi, Dona wakana."

Nangozo anapukuta manja pachitenje mosafulumira.

"Bambo a Enelesi, mpini wanga uli kuti?"

"Unasowa."

"Unasowa, kapena unatsatira mwini wake?"

Amayi aja anabisa nkhope m'zitenje. A Ndau anayang'ana nsapato zawo.

"Ndinautaya ndine. Ndinalakwa. Koma mwanayu ndinamulonjeza pagulu."

"Ndikupangira Enelesi, osati tayi wanuyo. Patseni makiyi."

Nangozo analiza injini giya ili pakati, n'kuisiya itenthe mpaka boneti inafunda. Kenaka anaizimitsa, n'kulowetsa giya yachiwiri, poti injini ikazima giya imalowa bwinobwino. Anauza a Chikaonda ndi abambo anayi akankhire galimoto kunjira yotsetserekera kubwalo la mpira.

"Inunso vulani jekete mukankhe nawo," anawauza a Ndau.

Anakankha. Nangozo anatembenuza kiyi, Dona anadumpha ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu, n'kuyamba kuthamanga. Phazi lakumanzere linali litapondereza klachi mpaka pansi, osalichotsa. Pabwalo paja anawonjezera moto, kenaka n'kuponda buleki mwadzidzidzi. Sizinatheke. Anazungulira golo n'kubwerezanso. Sizinathekenso. Apo n'kuti akuchimuna atafika kale, ataima m'mbali mwa bwalo manja ali m'matumba.

Kachitatu kunamveka phokoso lalikulu kunsi kwa galimoto ngati mtsuko wasweka. Injini inalira momasuka, matayala ataima. Dzimbiri linali litalekerera. Nangozo analowetsa giya yoyamba mofewa ngati mpeni m'papaya, n'kubwerera pang'onopang'ono akuliza hutala.

Ataima pansi pa mkuyu paja, kunsi kwa Dona kunayamba kugwa dothi lofiira, kenaka nyerere, mzere wakuda bii, zina zitanyamula mazira. Zinali zitamanga mudzi wonse m'chibokosi cha klachi. Joyisi, amene anathamangira kudzamanga maliboni, zinamukwera m'masokosi, ndipo gule amene anavina pamenepo sanali pa pulogalamu.

Nangozo anatola nkhuyu yofiira bwino imene inagwera paboneti, n'kuing'amba pamaso pa a Ndau. M'kati munali nyerere zokhazokha.

"Mwaona, bambo a Enelesi? Inu mumakonda kupukuta kunja."

Anatero maso ali kwina. Kumene analoza masowo sindinena, ndine munthu wopemphera.

Enelesi anafika kutchalitchi pa Dona, amayi ake ali pachiwongolero, bambo ake ali kumbuyo atagwira maluwa. Lolemba a Ndau anaoneka pamsika akusankha mpini wa khasu, chonsecho khasu analibe.

Kuyambira pamenepo anthu amati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chikamawala kunja, musathamangire kuchitama musanaone m'kati mwake, kaya ndi galimoto, kaya ndi munthu. Ndipo kampini konyansa kamene kakusungirani zam'katizo musamakataye kudzala, chifukwa tsiku lina mudzakavulira chipewa anthu akuona.