Tsiku Limene a Mphepo Anaitanidwa ku Leba

Sitolo ya a Lameki Mphepo inali kuseri kwa msika wa pa Kasungu Boma, ndipo nyengo ya makuponi ikafika, mzere wa ogula feteleza wotsika mtengo unkakhota mpaka poimikira makabaza. A Mphepo sanali munthu woipa mtima. Chovuta chinali chakuti unyamata wawo wonse anali kapitawo pa esiteti ya fodya cha ku Chulu, ndipo ngakhale imvi zinali zitamera, m'mutu mwawo belu la pa esiteti linkalirabe.

Antchito awo anali amuna onyamula matumba ndi mkazi mmodzi yekha, Fainala, yemwe ankakhala pa kauntala. Anali wansangala, wodziwa kuseketsa amayi otopa ndi dzuwa mpaka kuiwala kutalika kwa mzere. Chaka chimenecho Fainala anali woyembekezera, ndipo chitenje chinayamba kuulula chokha.

M'mawa wina a Mphepo anamuitanira kuseri kwa matumba.

"Mwanawe, ndaona mmene zinthu zilili. Mwezi ukatha ukapume kwanu. Pamalo pako pafunika mwamuna."

"Ndikachira ndidzabwerere, bwana?"

"Ntchito sidikira munthu. Ife pa esiteti mkazi akangoima, ankatsanzika yekha."

Mwezi utatha Fainala anatenga ambulera yake n'kumapita.

Akazi a a Mphepo, mayi Ennie, omwe ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale, atamva nkhaniyi anagwira pakamwa.

"Bambo a Yankho, mwaputa mavu. Malamulo a ntchito si aja munawasiya pa esiteti. Masiku ano simungachotse munthu chifukwa cha pakati, kapena kumukana ntchito poti ndi mkazi kaya ndi wolumala. Kampani yokupatsani feteleza ija inaitana eni masitolo kuti ikawafotokozere zimenezi, inu munati mutu ukuwawa."

"Amenewo ndi malamulo a m'maofesi a ku Lilongwe," anayankha a Mphepo akuvula nsapato. "Sitolo iyi ndinamanga ndi thukuta langa. Boma linanyamulako njerwa zingati?"

Posafuna kuonetsa kuti asowa munthu, anakhala okha pa kauntala. Koma kugulitsa si kuyang'anira aganyu m'munda wa fodya. Mayi akachedwa kumasula chitupa pa mfundo ya chitenje, iwo ankamukalipira ngati wathyola tsamba losakhwima. Amayi anayamba kufunsana kuti Fainala ali kuti, ndipo yankho linayenda mofulumira kuposa minibasi. Linafika ku Mvano, linafika kuchigayo, linafika mpaka ku Nkhamenya. Mzere uja unayamba kufupika ngati kandulo, pamene pa sitolo ya kutsidya kwa msewu anthu ankapondana zidendene.

Kenaka lamya inalira. Anali a ofesi ya zantchito, yomwe anthu amangoti ku leba, kuwaitana chifukwa Fainala anali atakadandaula. Asanapume bwino, a kampani ya feteleza nawo anaimba kunena kuti sangatumizenso katundu kwa munthu amene ali ndi mlandu wosala wantchito, kufikira nkhaniyo itatha. Apa n'kuti mitambo itayamba kuda, alimi akuthamangira feteleza wokulitsa, ndipo m'nyumba yosungira katundu ya a Mphepo munkamveka mawu a munthu kubwerera.

Tsiku la nkhani anavala jekete lawo la ku maukwati n'kupita ali ndi chikhulupiriro chonse kuti amuna okhaokha akamvana. Pa benchi anapeza Fainala ndi mwamuna wake Benjamin. Onse atatu atalowa m'kati, anaona mayi wachitsikana atakhala patebulo, ndodo zake zoyendera atazitsamiritsa kukhoma.

"Mayi, abwana alimo?"

"Mwawapeza, bambo Mphepo. Ndine Vailet Nkhoma. Khalani pansi."

A Mphepo anakhala pang'onopang'ono ngati mpando uli ndi minga. Komabe anatsokomola n'kuyamba kulongosola za mwambo wa ntchito, za kulemera kwa matumba, za mmene pa esiteti zinthu zinkayendera popanda wodandaula. Mayi Nkhoma anawamvetsera mpaka mawu anawathera okha.

"Zimene mwanenazo n'zoona, zinalidi choncho," anatero mayiwo akumwetulira. "Amayi anga anachotsedwa pa esiteti ina ali ndi pakati. Sanadandaule chifukwa kunalibe kokadandaula. Mwana anali m'mimbayo ndi amene mukulankhula nayeyu."

Benjamin anayang'ana kudenga kuti asaseke. A Mphepo anatulutsa kampango n'kupukuta pamphumi.

Mayi Nkhoma anawafotokozera modekha kuti mkazi wapakati ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere ndipo malo ake amamudikira, kuti lamulo limenelo silinali lachilendo n'komwe, ndi kuti malamulo ena atsopano anabwera kudzatseka mipata yosalira akazi ndi anthu olumala. Anati njira zinalipo ziwiri: kumvana pomwepo, kapena kukakumana kukhoti.

A Mphepo anatembenukira kwa Fainala. Mawu awo aakulu aja anali atachepa.

"Nanga iwe ukuti bwanji, mwanawe?"

"Ine sindinabwere kudzakugwetsani, bwana. Ndikufuna ntchito yanga, ndi nthawi yoti ndikalere mwana kenaka n'kubwerera. Basi."

A Mphepo anaseka okha, kuseka kwa munthu amene wazindikira kuti wakhala akukankha chitseko chokoka.

"Lolemba ubwere. Ndipo ukawauze amayi aja kuti kapitawo wapuma."

Fainala atabwerera pa kauntala, mzere unabwerera naye, ndipo lole ya feteleza inafika mvula yoyamba isanaume. Nthawi yake yochira itayandikira, a Mphepo analengeza kuti akufuna wogwirizira malo. Mwa onse amene anabwera, wochita bwino anali Sankhani, bambo woyenda pa njinga ya olumala. Anamulemba, n'kuitana mmisiri kuti agumule masitepe a pakhomo aikepo potsetsereka. Onyamula matumba anali oyamba kuthokoza, chifukwa wilibala inayamba kulowa mpaka m'kati.

Pa msonkhano wotsatira wa eni masitolo, a Mphepo anakhala mpando wa kutsogolo. Anaimirira n'kulangiza anzawo za tchuthi cha uchembere mwamphamvu ngati lamulolo analemba ndi iwo. Mayi Ennie atamva zimenezi anaseka mpaka misozi, koma sanawakumbutse kanthu.

Mphamvu imene inkanjenjemeretsa anthu dzana ikhoza kukhala nthabwala lero, ndipo woumirira kuithira m'ndiwo amangodabwa anthu akudya osatsokomola. Paja akuluakulu anati tsabola wakale sawawa.