Magambutsi Makumi Anayi

Geoffrey anatsika kabaza ku Mlangeni kutada kale. Mphepo ya ku Ntcheu inamulonjera munthu asanamulonjere.

Anali wofufuza wa bungwe lina la zaulimi ku Lilongwe. Miyezi itatu yathunthu anakhala akusuzumira m'magulu a alimi a kachewere pa Fesibuku, pa Watsapu ndi pa Tikitoko. Kumudzi sanapondeko. Ankati manambala sanama.

Lipoti lake linali litafika kale kwa abwana. Linanena mopanda chibwibwi: pa intaneti, ulimi wa kachewere ndi wa amuna, amayi a ku Ntcheu kulibeko. Mayina onse anali aamuna. Zithunzi zonse zinali zandevu. Tisunge, mnzake wa mu ofesi, anamulangiza kuti, "Imbira ngakhale mmodzi, umve mawu ake." Iye anangoseka. "Zachikale zimenezo, achemwali." Mauthenga a mawu sankawatsegula n'komwe, poti pulogalamu yake yowerengera inalibe makutu.

Bungwe linakhulupirira. Linagula magambutsi makumi anayi, onse saizi teni. Kukacha, abwana ankabwera ku Mlangeni ndi alendo akunja kudzawapereka kwa amuna makumi anayi olankhula kwambiri m'magulumo. Kontrakiti ya Geoffrey inkatha mwezi womwewo, ndipo yatsopano inkadikira tsiku limeneli. Ndiye anatsogola, kuti aonane ndi mkulu wa magulu onse atatu, a Fyson.

Pakhonde pa a Fyson anapeza mayi akusankha mbewu ya kachewere, tochi ili kukamwa.

"Odi! Ndikufuna a Fyson."

Mayiyo analavulira tochi m'dzanja. "Fikani, bambo. Ine ndine Selestina, mkazi wawo. A Fyson mukawafuna, kwerani basi. Ali ku Joni, chaka chachisanu chino."

"Sizingatheke. Dzulo lomweli alemba za chiwawu cha kachewere!"

"Ndalemba ndine." Anatulutsa foni m'nsalu. "Anatumiza ndi iwo, zonse zili momwemo, dzina ndi chithunzi. Ndisinthirenji? Ukalemba ndi dzina lachikazi, ogula a pa Lizulu amakugwetsera mtengo. Ena amayamba za 'moni okongola'. Ndevu za a Fyson zimandilondera kuposa galu."

Geoffrey anakumbukira mayina ena a m'magulumo. "Nanga a Kizito? A Elson?"

"A Kizito ndi mayi Dailes. Amuna awo amathyola mphesa ku Kepu, ku Joni komweko. A Elson tinaika chaka chatha. Amene amajambula mizere pa Tikitoko ndi a Jessie, mkazi wawo wamasiye."

"Pa makumi anayiwo, amuna enieni ndi angati?"

Selestina anapinda zala. "Atatu. Koma mmodzi salima. Amangotumiza mavesi."

"Bwanji simunanene, mayi?"

"Munafunsa? Ifetu timakuonani m'magulumo. Tinakupatsani ndi dzina lomwe. Ndinu a Kadzidzi: maso okha, pakamwa chete."

Geoffrey anakhala pathumba asanapatsidwe malo. Anaona m'maganizo alendo aja, makamera m'manja, akuyembekeza ndevu. Anaona amayi akubwera ndi zitenje zawo, ana kumbuyo. Ndipo dzina lake linali pachikuto cha lipoti, m'zilembo zazikulu. Anaulula za magambutsi, mawu akutuluka ngati akukoka minga.

"Saizi teni?" Selestina anaseka mpaka tochi inagwa. "Abwere nawo. Tiika masanza kutsogolo. Tinavala kale mayina awo, nsapato zingatikanike?"

Anamuyalira mphasa m'chipinda chosungira mbewu. Tulo tinamulambalala. Tambala woyamba atalira, anali atamanga kale chikwama. Anaganiza zokaima pamsewu waukulu, aimitse galimoto ya abwana, aulule yekha cholakwa chake, amayi a ku Mlangeni asanamunenere. Za kontrakiti anazisiya m'manja mwa Chauta.

Kabaza ikutsetsereka m'nkhungu, foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wa mawu. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, anautsegula. Pachithunzi panali ndevu za a Fyson. M'khutu munamveka mawu a Selestina: "Muyende bwino, a Kadzidzi. Mukauze abwana, mayi Dailes amavala saizi faifi."

Munthu wolembedwa ntchito yofunsa anawerenga zonse, nasiya kufunsa. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.