Chuku Cholumpha cha Nachisale

A Gwedeza, wapampando wa pamsika, ankabwereka zinthu osabweza. Tsiku lina anatulukira pakashopu ka Nachisale wojambula zithunzi.

"Ndibwereke kamera yako. Mawa ndikupita ku ukwati."

Nachisale anali akudya mandasi. Anamasula galasi la kamerayo ngati akuliyendera, n'kudinda chala chamafuta kumbuyo kwake.

"Mayo ine, bwana! Lachita chuku!"

"Chuku chanji? Ndi fumbi ilo."

"Fumbi limachoka mukapukuta. Chuku chimamera mkati. Yesani nokha."

A Gwedeza anauzira mpweya kutsogolo kwa galasilo, n'kupukuta ndi tayi mpaka thukuta kamukamu. Banga lili pomwepo.

"Kuipa kwake chimalumpha," anatero Nachisale. "Chikaona galasi lina, basi chasamukira. Taimani, bwana, pa magalasi anupo n'chiyani?"

A Gwedeza anavula magalasi awo msangamsanga. Anaona mabanga a zala zawo zomwe, n'kuyesa chuku.

"Asiyeni konkuno ndiwayanike padzuwa," anatero Nachisale.

A Gwedeza anawasiyadi. Potuluka anaponda dengu la tomato, n'kupepesa mtengo wa magetsi mwaulemu wonse.

M'mawa mwake ku ukwati kuja, Nachisale anali yakaliyakali ndi kamera yomwe ija, galasi lili mbee.

A Gwedeza anatsinzinira. "Kodi akujambulayo ndani?"

"Ndine, bwana! Tamwetulirani!"

"Iwe! Nanga chuku chija?"

"Chinachoka ndi kansalu."

"Magalasi anga ali kuti?"

Nachisale anawakankhira bwino pamphuno pake. "Ndabwereka, bwana."