Mazira a Nasibeko

Panali munthu wina wodziwa zamagetsi. Wodziwadi, osati ngati ena mwakhala kumbuyokonu. Mlongo wake, Nasibeko, anali wamasiye, ndipo ankalera ana atatu ndi nkhuku ku Ntcheu. Tsiku lina anamupempha kuti amukonzere makina ofungatira mazira. Ntchito yake ndi yochepa. Kukazizira, chotenthetsera chiyake. Kukafunda mokwana, chizime.

Munthu uja anajambula mawaya ake pakompyuta, monga muchitira inu, kuti pulogalamu iyese kaye asanagwire chitsulo. Mukudziwa mmene pulogalamuyo imawerengera. Imayerekeza mphamvu ya magetsi pa waya aliyense, n'kuwerenganso, n'kuwerenganso, mpaka mayankho awiri otsatizana agwirizane. Akapanda kugwirizana imaima.

Inaima. Anayesanso, inaimanso. Nthawi zonse inkaimira pamalo amodzi, pomwe kutentha kwafika pa mlingo ndipo swichi iyenera kuzima. Pamenepo yankho lina linkati yaka, lina linkati zima.

Masiku awiri anatha. Mlongo wake anali atasonkhanitsa kale mazira mazana atatu. Munthu uja anapsa mtima.

"Pulogalamu imeneyi ndi yamakani basi," anatero.

Tsono pali malo ena pomwe umaiuza pulogalamu kuti mayankho ayandikane motani kuti avomerezeke. Iye anapita pamenepo n'kumasula muyezo. Mayankho otalikirana anayamba kuwerengedwa ngati ogwirizana. Uthenga wofiira wochenjeza za vuto unasowa, mzere wosalala unatuluka. Ndimapsa mtima ndikafika apa, chifukwa sanadzifunse ngakhale kamodzi kuti bwanji imangoimira pomwepo.

Anamanga makina aja n'kukawasiya kumudzi.

Patapita sabata, Nasibeko anaimba foni. "Achimwene, kaswichi kaja kakumangolira tetete, osapuma."

"Ndiye kuti kakugwira ntchito, achemwali."

Kankagwiradi, koma mozunzika. Pakati pa mlingo woyatsira ndi wozimira panalibe mpata, choncho kankayaka n'kuzima kambirimbiri pa mphindi imodzi, kakuthetheka moto m'kati. Chimene kompyuta inalephera kuwerengera n'chomwechi. Rezisita imodzi yokha, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, yoika mpatawo, ikanathetsa nkhani.

Tsiku la makumi awiri, kutatsala limodzi kuti anapiye aswe, tizitsulo ta swichi tinasungunuka n'kumatirirana. Chotenthetsera sichinazimenso. Nasibeko anali kudimba kuyambira m'mawa. Pobwera masana, fungo la mazira opsa linamuchingamira pakhomo.

Munthu uja anafika m'mawa mwake ndi chikwama cha zipangizo. Anapeza Nasibeko atakhala pakhonde, dengu la mazira lili pambali. Nasibeko sanalire, sanamutukwane. Anatenga dzira limodzi, naliswa ndi chala, n'kumuikira m'dzanja. Munali mwanapiye wathunthu, wa nthenga zake, mlomo utaloza kale pachigoba.

"Dzana ndimawamva akulira m'katimo," anatero Nasibeko. "Ndinawaitana ana kuti adzamve."

Kenako anatenga khasu, napita kuseri kwa khola kukakumba dzenje. Munthu uja anati amuthandize, koma iye anakana.

Tsopano inu. Dzulo ndinazungulira m'chipinda muno, ndipo ndinaona anthu asanu akumasula muyezo womwewo kuti aweruke msanga. Musayang'ane pansi, ndikukudziwani. Sindikuti pulogalamu siyilakwa. Nthawi zina vuto limakhaladi la masamu ake, ndipo kumasula pang'ono n'kololedwa. Koma uyambe wapita pomwe yaimirapo. Uone nthawi yake, uone waya wake. Kodi pali waya wongolendewera? Kodi pali swichi yosowa mpata? Ukapeza chifukwa, ndiye ukhudze muyezo.

Akulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Zikanakhala choncho pa ntchito yathuyi, bwenzi ndikungokusiyani. Koma kuno nkhwangwa imagwera mutu wa wina, amene anakukhulupirira, amene sanaione n'komwe kompyuta yako.

Bwezerani miyezo ija mmene inalili. Tiyambirenso.