Mawu a Apongozi pa Mayiki

Jameson, mkamwini wa ku Chitala, anali asanathe ndi miyezi itatu pamudzi wa mkazi wake Mercy m'mbali mwa nyanja. Kumeneko mwamuna wosadziwa kupalasa bwato amamuyesa mlendo mpaka imvi. Ndiye gulu la zisudzo litamupatsa ntchito yoyendetsa zokuzira mawu, iye mumtima anati apa mpamene apongozi andione kuti nanenso ndili ndi manja.

Apongoziwo, mayi Edina ogulitsa usipa, ndiwo anali mwini sewero: mayi wolira mwana wake womira panjira ya ku chilumba cha Mbenji.

Masana a tsiku la sewerolo anayesa mamayiki opanda nthambo. Poti mkamwini sakhudza apongozi, Mercy ndiye anawamanga kamayiki pakolala.

"Tayankhulani, amayi," anatero Jameson ali patali, maso ali pamakina.

Nawonso mayiwo, pochita manyazi ndi mkamwini, anayang'ana kumbali n'kunong'ona, "Wani, thu. Zikomo."

Timagetsi ta pamakina sitinaphethire n'komwe. Jameson anapotokola kabatani ka geni, kamene kamatsegula khutu la mayiki, mpaka kanafika pothera.

"Bwanji muwauze ayese polira paja?" Mercy anafunsa.

"Ine ndiuze apongozi kuti alire? Iyayi. Makinawa ndimawadziwa, mawu a mayiwa ndiwo ngochepa."

Ngochepa! Akanangofunsa mkazi wakeyo, akanamva kuti mayi Edina akaitana kasitomala padoko, amatembenuka ndi asodzi ali pakati pa madzi.

Madzulo anthu anadzaza bwalo la sukulu. Sewero linayenda bwino mpaka pofika uthenga wa maliro. Mayi Edina anakoka mpweya, manja kumutu.

"Mayo ine, mwana wanga!"

Masipika anakuwa ngati nkhumba yomangidwa panjinga. Timagetsi tonse psuu! Makanda analira, wogulitsa mandasi anataya beseni, ndipo Jameson pofuna kutsitsa anazimitsa mayiki ya munthu wina. Pamalo pamene anthu amayenera kupukuta misozi, bwalo lonse linagwa ndi phwete. Mayiwo, amene anayeserera kulira kumeneku milungu isanu, anavula kamayiki n'kumaliza sewero ndi pakamwa pawo, ndipo wakumbuyo kwenikweni anamva liwu lililonse.

Atatha, mayi Edina anadutsa pafupi ndi makina, nkhope atalozetsa kwa mwana wawo.

"Mercy, uwauze bambo a kwanuwo kuti ine mawu ndili nawo. Chimene ndinawasungira masana chija ndi ulemu."

Jameson, ndi manyazi, anangowerama n'kuyamba kulongedza makina ake. Mpaka lero akamadutsa padoko, anyamata amanong'ona, "Wani, thu. Zikomo."

Paja akulu anati safunsa adadya phula.